Tsiku Limene Ndinayeza Madzi a Apongozi

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzapita nayo kumanda. Koma poti ku Benga ngakhale akabaza akuidziwa, ndipo akuikamba mothira mchere wambiri, bola ndiulule ndekha manyazi anga.

Ine ndine munthu wophunzira. Ndiyambe ndi pamenepo, chifukwa tsiku limenelo ndinayambanso ndi pamenepo. Ndinatha zaka zitatu kunja ndikufufuza tinthu totchedwa cation radical. Musathawe, n'zosavuta. Kanthu kabwinobwino mukakalanda electron imodzi, kamatsala ngati munthu amene wabedwa patapata imodzi pamsika, sikakhazikikanso. Tambiri tikafika pamenepo timaonetsa mtundu wowala, koma sitikhalitsa. Kukangobwera china chokhala ndi ma electron apadera, chimene timati nucleophile, chimakagwira kanthu kaja, mtundu n'kuzimirira. Ntchito yanga inali kuyeza kuti mtunduwo wafa msanga bwanji, ndipo waupha ndani. Makina athu ankagwira zinthu zochitika mwachangu kuposa kuphethira.

Buku limene ndinalemba linali lonenepa ndithu. Analiwerenga anthu atatu, ndipo mmodzi ndimamukayikira mpaka lero.

Tsono tsiku lina ndikubwera kuntchito ku Lilongwe ndinapeza mkazi wanga Halima maso ali psuu.

"Bambo a Shakira, amayi asiya kudya."

"Akudwala?"

"Akuwanena kuti ndi akuba."

Nkhani yake inali iyi. Kwawo kwa Halima ndi kumunsi kwa Benga, cha kunyanja. Chaka chimene kolera inavuta, bungwe lina linawaikira thanki yaikulu ya madzi akumwa, ndipo apongozi anga aakazi ndiwo anasankhidwa kuti azithiramo klorini m'mamawa uliwonse. A zaumoyo anawaphunzitsa muyeso wake, n'kuwapatsa chidebe cha klorini wa ufa kuti azisunga m'nyumba. Tsopano a Bwanali, wapampando wa komiti ya madzi, amene ankafuna kuti ntchitoyo ipite kwa mlongo wawo, anayamba kufalitsa kuti m'thanki simulowa kanthu, klorini yense akuthera pochapira.

"Umboni wake ndi wotani?" ndinafunsa.

"Mkanjo wa ababa."

"Mkanjo watani?"

"Akuti ukuyera kwambiri. Akuti Lachisanu kumzikiti umathobwa anthu m'maso."

Ndinafuna kuseka, koma nkhope ya Halima inandiletsa. Loweruka komiti inali kudzakumana pamaso pa mudzi wonse. Apongozi akapezeka olakwa, alandidwa chidebe, n'kutsala ndi dzina la mayi amene anagulitsa moyo wa ana a anthu chifukwa cha zochapa. Kumudzi dzina lotere silichoka.

"Inu si paja munaphunzira za mankhwala?" anatero Halima. "Mukayeretse dzina la amayi."

Mtima wanga unavina. Mnzanga wina wa zamadzi anandibwereka kabotolo koyezera ndi timapiritsi take. Mumatunga madzi pang'ono, n'kuponyamo piritsi. Ngati muli klorini, madzi amasanduka pinki. Ndipo mtundu wa pinki umenewo, abale anga, ndi cation radical! Patapita zaka zonsezi, maphunziro anga anapeza ntchito yoti achibale angaione ndi maso.

Pali chinthu china chimene muyenera kudziwa. Ine ndi apongozi anga aakazi tinali tisanayang'ananepo m'maso chikwatirire, zaka zisanu zathunthu. Iwo ndi mayi ogwira mwambo, ndipo ine, pofuna kuonetsa kuti sukulu sinandiwononge, ndinaugwira kuposa eni ake. Tikakumana panjira, wina ankapatukira mu chinangwa. Moni tinkapatsana titayang'ana kumbali, uthenga wonse unkadzera mwa Halima. Ndinkazidziwa bwino kwambiri zala zawo za kumapazi kuposa nkhope.

Tinafika Loweruka cha m'ma teni, ine nditavala suti yanga yabuluu wakuda ngakhale dzuwa la ku Nkhotakota linali litayamba kale kuotcha. Apongozi aamuna anatilandira pakhonde atavala mkanjo uja.

Ndiulule: nditauona, nanenso ndinakayika. Unali woyera zedi.

Maganizo anayamba kundiyenda. Bwanji ngati zili zoona? Bwanji ngati mayiwa amapungulako pang'ono, ine n'kudzaima pagulu, piritsi n'kukana kusintha? Ndikhala mkamwini amene anamangitsa apongozi ake ndi digiri.

Ndiye anthu atapita kukanyamula mabenchi kusukulu, ndinachita chimene akatswiri ambiri amachita asanayambe kafukufuku. Ndinakonzeratu zotsatira. Ndinalowa m'nyumba, ndinatapa klorini kapu yodzaza ya tiyi, ndinakwera makwerero a thanki, ndinakhuthula, n'kuvundula ndi nsungwi. Muyeso weniweni sindinaudziwe, ndinangoti zochuluka sizilakwa. Nditatsika ndinapukutira manja kumbuyo kwa thalauzi n'kukakhala pampando ngati munthu wosalakwa.

Itakwana thuu koloko mudzi wonse unasonkhana pansi pa mitengo ya mango pafupi ndi thanki. Anandiikira tebulo pakati, n'kuikapo botolo la madzi ogula oti ndizimwa. A Bwanali, bambo wamfupi wokonda kuyankhula atakweza chala, analamula kuti apongozi anga aakazi akhale pamkeka kutsogolo kwenikweni kwa tebulo.

"Aone ndi maso awo, asadzati tinawanamizira!"

Kenaka anandipatsa mpata. Ndikanangoyeza n'kukhala pansi. Koma ine ndinali nditadikira anthu ondimvera kwa zaka zambiri, ndipo apa anali atakhala phee, opanda kothawira.

Ndinawafotokozera za electron. Ndinawafotokozera za nucleophile. Ndinawauza kuti kunja kuja ndinkayeza zinthu zofa msanga kuposa kuphethira, moti aphunzitsi anga ankati diso langa ndi lakuthwa. Nkhalamba ina inayamba kuwodzera. Mayi wina kumbuyo anafuula:

"Achimwene, koma lero madziwa akununkha mankhwala mpaka kuno! Sitingangonunkhiza n'kumapita?"

"Mayi," ndinayankha ndikumwetulira, "mphuno si chida cha sayansi. Mphuno imanama. Piritsi ili silinama, silidziwa m'bale, silidziwa mpongozi."

A Bwanali anaomba m'manja. Ndinaganiza kuti ayamba kundiopa.

Ndinatunga madzi pampopi wa thanki, ndinafumbata kabotolo, ndinakakweza kufika pamaso monga mwa lamulo, n'kuponyamo piritsi. Pamenepo ndipo ndinazindikira vuto. Kuseri kwa kabotolo, molunjika ndithu, kunali nkhope ya apongozi.

Khosi langa linatembenuka lokha. Ndinayang'ana kumbali, kwa gulu, ndikugwedeza kabotolo m'dzanja ndi kuwerenga mokweza mpaka makumi atatu kuti piritsi lisungunuke. Kenaka ndinakakweza m'mwamba ngati chikho cha mpira.

"Taonani nokha!"

Gulu linaona. Nanenso ndinayang'ana.

Madzi anali mbee, ngati a mvula.

"Ndiye kuti chiyani, adokotala?" anafunsa a Bwanali, mawu ali okoma ngati uchi.

"Ndiye kuti... piritsili mwina linalowa chinyezi."

"Si paja silinama?"

"Tibwereze. Sayansi imafuna kubwereza."

Thukuta linayamba kutsika m'suti. Kapu yonse ija yapita kuti? Ndinatunganso madzi, ndinakwezanso kabotolo, ndinaponyanso piritsi. Nkhope ija inali pomwepo. Ndinayang'ananso kumbali, ulendo uno ndinawerenga mpaka makumi anayi kuti ndiwapatse mpata mankhwalawo.

Mbee!

Apongozi anatsokomola. Anatsokomolanso. Ine ndinangoti ndi fumbi.

"Nanga fungoli?" anafunsanso mayi uja.

"Awaza kunja kwa thanki kuti atipusitse!" anatero a Bwanali. "Mwamva okha adokotala, mphuno imanama!"

Ndinayang'ana Halima. Anandiyang'ana momwe munthu amayang'anira nsomba ya dzana.

A Bwanali anali atatentha tsopano. Chala chinali m'mwamba.

"Abale, ine ndikuona kuti nkhaniyi ndi yaikulu kuposa mmene timaganizira. Bweretsani chidebe chenichenicho. Adokotala ayeze ufa womwewo, tione ngati ndi klorini."

Mtima unakhala m'malo. Apa ndiye sipangalephereke. Ndinatapa ufawo ndi nsonga ya supuni, ndinausungunula m'madzi mpaka maso anga anayamba kutuluka misozi, ndinathira m'kabotolo, ndinakweza, ndinaponya piritsi lachitatu. Apongozi anasendera chafupi, khosi atalisolola. Ine ndinatembenukiratu thupi lonse, chifukwa ulemu wanga umakula munthu akayandikira.

Nditabwerera, munalibe pinki ngakhale wa mankhwala. Munali madzi otuwa basi.

"Kondowole!" anakuwa a Bwanali. "Ndi ufa wa chinangwa umenewu! Klorini anagulitsa kalekale, ife tikumwa kondowole!"

Kunabuka phokoso. Ena anaimirira pamabenchi. Mayi wina anayamba kuwerenga ana onse amene anatsegula m'mimba chaka chino, kuphatikizapo wina amene aliyense ankadziwa kuti anadya mango osapsa. Apongozi aamuna anagwira ndevu n'kumangoti, "Astaghfirullah, astaghfirullah." Ine ndinaima pakati ndi kabotolo kanga. Ndinabwera kudzachotsa mlandu wa kuchapira, ndipo mu ola limodzi ndinali nditaukweza kufika pa kugulitsa ndi kupusitsa mudzi. Ndinamva chisoni chenicheni, ndipo ndinkafuna nthaka ing'ambike ndilowemo.

"Adokotala, tipatseni chigamulo," anatero a Bwanali. "Muli klorini kapena mulibe?"

Ndisanayankhe, apongozi aakazi anayankhula. Sanakweze mawu, ndipo anayang'ana ku thanki.

"Halima."

"Wawa, amayi."

"Uwafunse amuna ako ngati kusukulu kwawo kuja ankayeza atatembenuka."

Halima asanatsegule pakamwa, iwo anapitiriza.

"Uwauze kuti katatu konse madziwo anachita pinki. Amangoti ng'ani, n'kuzimirira iwo asanafike pa faifi. Ndimatsokomola kuti ayang'ane, koma ali kalikiliki kuwerengera anthu manambala."

Halima anatembenukira kwa ine. "Akuti..."

"Ndamva," ndinatero.

"Uwauzenso kuti a zaumoyo anatiphunzitsa. Mankhwala akachulukitsa, mtundu umabwera n'kuthawa nthawi yomweyo. Atenge kachivindikiro kamodzi ka madzi a m'thankiwo, athire m'botolo la madzi ogula ali patebulowo, ayezenso. Koma ayang'ane."

Zinali zoona, ndipo ndinkazidziwa! Klorini akachuluka salekera pa electron imodzi, amalandanso yachiwiri, ndipo cation radical imafa isanakhazikike, mtundu n'kutha. Zinali m'mutu wachiwiri wa buku langa lomwe. Ine amene ndinatha zaka zitatu ndikuthamangitsa mitundu yofa msanga ndi makina odula, mtundu unafera m'dzanja langa katatu ndikuyang'ana mitengo ya mango.

Ndinachita monga ananenera. Ulendo uno ndinaika kabotolo patebulo n'kuwerama ngati mwana wa sukulu. Piritsi litangogwa, madzi anachita pinki wokongola, n'kukhala momwemo.

"Eee!" linatero gulu.

Ndinaganiza kuti tapulumuka. Koma a Bwanali si munthu wogonja msanga.

"Dikirani! Ngati kachivindikiro kamodzi kakufiiritsa botolo lonse, ndiye kuti m'thankimo muli mankhwala okwana kupha ng'ona. Mayiwa amva kuti kukubwera oyeza, ndiye akhuthuliramo chidebe kuti abise mlandu!"

"Halima, uwauze a Bwanali kuti ine ndinathira muyeso wanga wa masiku onse, kusanache bwino. Za enawo sindikudziwa."

"Nanga wathira ndani?"

Ine ndinapeza kuti nthawi yakwana yolongedza zida zanga. Ndinatembenuka, n'kuwerama kuti nditole chikwama pansi pa tebulo.

Kuseka kunayambira kwa amayi a kumanzere, n'kufalikira ngati moto wa lupsa.

"Taonani kumbuyo kwa adokotala!"

"Mayo ine! Zala zonse khumi!"

Ndinapotoloza khosi. Pa thalauzi langa labuluu wakuda, pamalo pomwe munthu amakhalira, panali zikhatho ziwiri zoyezuka bwinobwino, china uku china uku. Klorini uja anali atagwira ntchito yake mwakachetechete nthawi yonse imene ine ndinkaphunzitsa anthu za electron.

Panalibenso pothawira.

"Ndinathirako pang'ono," ndinatero.

"Pang'ono bwanji?" anafunsa a Bwanali.

"Kapu."

"Ya chiyani?"

"Ya tiyi."

"Kapu ya tiyi!" anakuwa mayi wa mphuno uja. "Muyeso wa mwezi wathunthu! Ndiye mumati mphuno yanga ikunama?"

Kenaka Halima anakweza dzanja pang'onopang'ono, maso ali pansi. "Inenso ndinathirako masupuni awiri titangofika."

Apongozi aamuna anakonza kukhosi. "Ine ndinangoti bismillah, n'kuponyamo kadzanja kamodzi. Kamodzi kokha."

Anthu anagwa pamabenchi ndi kuseka. Ngakhale nkhalamba yowodzera ija inadzuka n'kufunsa kuti chachitika n'chiyani, ndipo atayifotokozera inapempha kuti nditembenukenso ione.

Amene sanaseke ndi apongozi aakazi okha. Anadikira phokoso lithe.

"Halima, uwauze a komiti atume munthu kunyumba kwa a Bwanali. Akazi awo anatunga m'mamawa, nditangothira ine, akatswiriwa asanayambe ntchito yawo. Abweretse madzi a mumtsuko mwawo."

Mkazi wa a Bwanali anapita yekha, ndipo anayenda mofulumira moti ndinaona kuti nayenso nkhaniyi inali itamukwana. Ndinayeza ndi piritsi lomaliza, maso ali tong'o. Madzi anachita pinki wofatsa, wa muyeso weniweni, wosachepa wosachuluka.

A Bwanali anatsitsa chala. Anati iwo chiyambire sanatchule munthu dzina, ankangofuna kuti zinthu ziziyenda poyera. Komiti inagamula kuti chidebe chikhalebe kwa apongozi, koma achigulire loko, ndipo kiyi asamaione achibale. Thanki yonse inayenera kukhuthulidwa, ndipo ntchito yoitsuka anandipatsa ine, ndi suti yanga yomweyo. Madziwo amayi a m'mudzi anawalimbirana kuti akachapire, ndipo ndowa ziwiri zoyambirira zinapita kwa a Bwanali.

Nditamaliza ndinabwerera kunyumba nditanyowa, ndikununkha ngati chipatala. Apongozi aakazi anali pakhonde akusankha mpunga. Ndinagwada patali, ndinayang'ana kumbali monga mwa nthawi zonse, n'kuitana Halima kuti adzandiperekere kupepesa.

"Halima akhale komweko," anatero apongozi. "Lero ndiyankhula ndekha."

Zaka zisanu, anali asanandiyankhulepo mwachindunji.

"A Bwanali akanditcha wakuba, sindidandaula, ndi a Bwanali. Koma mwamuna wanga, mwana wanga, ndi inu bambo, nonse atatu kukwera thanki mobisa? Ndiye kuti m'nyumba muno munalibe ndi mmodzi yemwe amene anakhulupirira kuti ndimathira."

Zinandilasa kuposa kuseka konse kwa pabwalo paja, chifukwa zinali zoona.

"Pepani, amayi," ndinatero ndikuyang'ana nkhokwe ya a neba.

"Mukupepesa nkhokweyo?"

"Ayi, amayi. Ndi ulemu."

Ndinamva lichero likuikidwa pansi.

"Bambo, ulemu wanuwo lero unatsala pang'ono kundithamangitsa m'mudzi. Tembenukani kuno. Kuyambira lero muzindiyang'ana, ndisadafe nawo."

Ndinatembenuka. Ndi mayi okongola ndithu, ndipo anali akudziluma milomo kuti asaseke.

Mkamwini mnzanga, maso uzigwetsa popereka moni, koma osati poyeza madzi.